Tipi si malipiro: chomwe chikuchititsa antchito a m'malesitilanti ku South Africa kusumira mabwana awo

JOHANNESBURG – Munthu amene wadya chakudya chamadzulo m'lesitilanti ya ku Sandton, Pretoria kapena Cape Town, akamasiya kangachepe pa tebulo pothokoza yemwe wamutumikira, amaganiza kuti ndalamayo ikungowonjezera pa malipiro a pamwezi. Koma kwa operekera zakudya ambiri m'dziko la South Africa, kangachepe kameneko ndiye malipiro onse. Tsiku limene makasitomala achepa, munthu amaweruka usiku, miyendo itatupa, m'thumba muli ya basi yokha.

Mchitidwe umenewu ndi wosemphana ndi malamulo a dzikoli, ndipo ndi umodzi mwa magwero a milandu imene ogwira ntchito m'malo odyera amapita nayo kwa oyendera malo a ntchito, ku mabungwe oyanjanitsa ndi ku makhoti. Nkhaniyi ikukhudza chigawo chonse cha kummwera kwa Africa chifukwa pakati pa ophika, otsuka mbale ndi operekera zakudya m'mizinda ya South Africa pali nzika zambiri za Zimbabwe, Malawi, Mozambique ndi Lesotho. Malipiro awo akadyedwa ku Joni, sukulu fizi siyifika ku Mzimba, ku Mangochi, ku Tete kapena ku Bulawayo.

Zomwe zidaululika ku Menlyn

M'mwezi wa Sepitembala 2024, mtsikana wina yemwe adagwirapo ntchito yoperekera zakudya pa lesitilanti ina ya ku Menlyn mumzinda wa Pretoria adaika kanema pa TikTok yofotokoza momwe ankagwirira ntchito. Iye adati panalibe malipiro okhazikika, yunifolomu ndi zipangizo ankazigula yekha, komanso ankalipitsidwa ndalama ya mbale ndi matambula osweka. Kanemayo idafala kwambiri moti patangopita masiku ochepa akuluakulu a unduna wa zantchito ndi a unduna woona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko adakachita chipikisheni pamalopo komanso pa lesitilanti ina ya m'dera lomwelo.

Unduna wa zantchito udalengeza kuti malo awiriwo anali ndi ngongole ya malipiro a antchito yoposa R1.3 miliyoni. Udatinso pa malo amodzi mwa awiriwo anthu ankagwira ntchito maola 12 mpaka 15 pa tsiku, ndipo ena ankalandira R150 yokha pa shifiti. Eni a lesitilanti yachiwiri adatsutsa zomwe undunawo udanena zokhudza iwo. Anthu ena omwe analibe zikalata zowaloleza kukhala m'dzikomo adamangidwa pa chipikishenicho.

Kutsatira izi, nduna ya zantchito, mayi Nomakhosazana Meth, idalamula kuti malo odyera ayenderedwe m'zigawo zonse za dziko. Idanenanso kuti boma likufuna kuchulukitsa oyendera malo a ntchito, omwe panthawiyo analipo pafupifupi 2,000, kuti afike 20,000. Chiwerengero chochepachi ndicho chikusonyeza chifukwa chake milandu yambiri imayamba ndi wantchito mwiniwake. Oyendera sangafike m'khitchini iliyonse, ndipo monga amanenera akuluakulu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Malipiro otsikitsitsa

Lamulo lokhazikitsa malipiro otsikitsitsa a dziko lonse, la National Minimum Wage Act, lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, ndipo lidayambira pa R20 pa ola. Ndalamayi imaunikidwa chaka chilichonse. Idafika pa R23.19 mu 2022, R25.42 mu 2023, R27.58 mu Malichi 2024 ndi R28.79 mu Malichi 2025.

Mfundo yaikulu kwa a m'malesitilanti ili m'gawo 5 la lamuloli. Gawoli likunena kuti powerengera ngati munthu walandira malipiro otsikitsitsa, sawerengerako tipi, mphatso, bonasi, chakudya, malo ogona kapena ndalama ya mayendedwe. Kunena kwina, bwana sanganene kuti woperekera zakudya wakwanitsa kale malipiro ake kudzera m'matipi a makasitomala. Tipi ndi ndalama yochokera kwa kasitomala, pomwe malipiro ndi ngongole ya wolemba ntchito.

Komishoni, yomwe ndi gawo la ndalama ya zakudya zomwe wantchito wagulitsa, ndi yololedwa. Komabe ikagawidwa pa maola onse omwe munthu wagwira, siyenera kuchepera pa malipiro otsikitsitsa. Ikachepa, wolemba ntchito ayenera kuwonjezerapo. Ndipo ngakhale wantchito atasaina pepala lovomera kulandira zochepa, mgwirizano wotero ulibe mphamvu pamaso pa lamulo.

M'madera ena, monga a Johannesburg ndi Pretoria, muli makhonsolo okambirana za malipiro omwe amapangidwa ndi mabungwe a olemba ntchito ndi a ogwira ntchito m'malo odyera. Mapangano a makhonsolowa amatha kukhazikitsa malipiro ndi zoyenera zina zoposa zomwe zili m'lamulo la dziko lonse. Palinso ndondomeko ya boma ya mu 2007 yokhudza mahotela, malo ogona alendo ndi malo odyera, yotchedwa Sectoral Determination 14.

Maola a ntchito ndi ovataimu

Za maola zili m'lamulo la Basic Conditions of Employment Act la mu 1997. Maola okhazikika sayenera kupitirira 45 pa sabata. Wogwira masiku asanu kapena ochepera apo pa sabata sayenera kupitirira maola 9 pa tsiku, ndipo wogwira masiku oposa asanu sayenera kupitirira maola 8. Maola owonjezera, omwe ambiri amangoti ovataimu, amagwiridwa pokhapokha pali mgwirizano, sayenera kupitirira 10 pa sabata, ndipo ola lililonse limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka.

Wogwira ntchito Lamulungu amalandira malipiro owirikiza kawiri, kupatula ngati Lamulungu ndi tsiku lake lantchito nthawi zonse, pomwe amalandira ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Pa tsiku la tchuthi cha boma malipiro amawirikizanso kawiri. Munthu akagwira maola asanu mosalekeza ayenera kupuma ola limodzi kuti adye, ngakhale kuti mbali ziwirizo zingagwirizane molemba kuti nthawiyi ikhale mphindi 30. Ntchito ya pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa imawerengedwa kuti ndi yausiku, ndipo imafuna alawansi kapena kuchepetsa maola, komanso kuti pakhale mayendedwe opezeka pakati pa malo a ntchito ndi kunyumba. Kuyambira mu 2019, munthu amene waitanidwa ku ntchito n'kubwezedwa asanakwanitse maola anayi ayenera kulipidwa maola anayi athunthu.

Kuti tione kukula kwa ndalama zomwe zimatayika, titenge chitsanzo cha munthu wogwira maola 55 pa sabata, pa mlingo wa mu 2025 wa R28.79. Maola 45 okhazikika amabweretsa R1,295.55. Maola 10 owonjezera amabweretsa R431.85. Zonse pamodzi ndi R1,727.40 pa sabata, osawerengerako Lamulungu, tchuthi ndi tipi. Ngati bwana salipira ovataimu yokhayo, pakutha pa masabata 52 wantchitoyo amakhala atataya R22,456.20. Khitchini ikakhala ndi anthu khumi otere, ngongoleyo imapitirira R224,000 pa chaka. N'chifukwa chake milandu yomwe imayamba ngati yaing'ono imafika pa ndalama zankhaninkhani antchito akasuma limodzi.

Momwe ndalama zimasowera

Madandaulo a ogwira ntchito m'malo odyera amafanana m'mizinda yosiyanasiyana. Loyamba ndi la nthawi yosawerengedwa. Munthu amafika ola limodzi kapena awiri lesitilanti isanatsegulidwe kuti akonze matebulo ndi kupukuta matambula, ndipo amatsala ikatsekedwa kuti akolope ndi kuwerengera ndalama, koma pa pepala amalembapo nthawi yotsegulira ndi yotsekera basi. Lachiwiri ndi la masiku ophunzira ntchito, pomwe watsopano amagwira sabata kapena kuposerapo osalandira kanthu, kenako n'kuuzidwa kuti sadakhoze.

Lachitatu ndi la ndalama zodulidwa. Mbale ikasweka, kasitomala akathawa osalipira, kapena ndalama ya m'kabati ikaperewera, mabwana ena amangodula pa malipiro kapena pa tipi. Gawo 34 la lamulo la mu 1997 likuika malire okhwima pa zimenezi. Payenera kukhala mgwirizano wolembedwa, kutayikako kukhale kuti kwachitika pa ntchito komanso chifukwa cha kulakwa kwa wantchitoyo, iye apatsidwe mwayi wonena mbali yake, ndalama yodulidwa isapose mtengo wa chomwe chatayika, ndiponso isapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake. Kudula ndalama ya zosweka tsiku ndi tsiku kwa aliyense, kaya waswa kanthu kaya sadaswe, sikukwaniritsa mfundo zimenezi.

Lachinayi ndi lomutcha munthu dzina lina. Mabwana ena amati operekera zakudya si antchito awo koma anthu odziimira paokha omwe angobwereka matebulo. Malamulo a South Africa adatseka mpata umenewu kwa olandira malipiro ochepa. Ngati bwana ndiye amalamula maola ndi kagwiridwe ka ntchito, ngati munthuyo amadalira malowo pa chuma chake, kapena ngati wakhala akugwira maola osachepera 40 pa mwezi kwa miyezi itatu yapitayo, lamulo limamutenga kuti ndi wantchito mpaka bwanayo atabweretsa umboni wotsutsa.

Vuto la kusalembedwa m'kaundula lidaonekera poyera mu 2020. Boma litatseka dziko pa 27 Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, malo odyera adatsekedwa, ndipo thandizo la antchito lidadzera ku thumba la inshuwalansi ya otaya ntchito la UIF. Ku thumbali wantchito amapereka 1 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana amaperekanso 1 peresenti. Omwe mabwana awo sadawalembetse adavutika kupeza thandizolo.

Kumene dandaulo limapita

Njira yoyamba ndi ofesi ya zantchito. Woyendera malo a ntchito ali ndi mphamvu zolowa pamalo, kufunsa mafunso ndi kuona mabuku a malipiro. Akapeza cholakwika amatha kumuuza bwana kuti alonjeze molemba kuti alipira, kapena kumupatsa chikalata chomulamula kutero. Kuyambira mu 2019, bwana akanyozera, lonjezo kapena chikalatacho chimatha kusandutsidwa chigamulo ku bungwe la CCMA. Wolipira zochepera pa malipiro otsikitsitsa amathanso kulipitsidwa chindapusa chowirikiza kawiri ndalama yomwe adaperewetsa kapena malipiro a wantchitoyo a miyezi iwiri, potengera chomwe chili chachikulu. Akabwereza mlandu, chindapusacho chimawirikiza katatu.

Njira yachiwiri ndi CCMA yomweyo, bungwe loyanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya pantchito lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Labour Relations Act la mu 1995 ndipo lidayamba ntchito mu 1996. Kale bungweli linkadziwika kwambiri ndi milandu ya kuchotsedwa ntchito, ndipo wofuna malipiro ake okha ankayenera kudalira oyendera kapena makhoti. Zinthu zidasintha pa 1 Januwale 2019 pomwe gawo 73A lidawonjezedwa m'lamulo la mu 1997. Tsopano wantchito wolandira ndalama zosapitirira mlingo womwe nduna imakhazikitsa, womwe mu Epulo 2025 udaikidwa pa R261,748.45 pa chaka, atha kukasuma yekha ku CCMA pofuna malipiro, ovataimu kapena ndalama ya tchuthi. Pafupifupi onse otsuka mbale ndi operekera zakudya ali pansi pa mlingowu.

Kusuma ku CCMA n'kwaulere ndipo sikufuna loya. Wodandaula amalemba fomu ya 7.11, amapereka kope kwa bwana, kenako n'kukatula ku bungwelo pamodzi ndi umboni woti bwanayo walandira. Pa tsiku la mlandu, mkhalapakati amayamba wayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Zikakanika, mlandu wa malipiro umalowa m'gawo lachiwiri lomva maumboni, ndipo chigamulo chimayenera kutuluka pasanathe masiku 14 kuchokera pomwe kumva mlandu kwatha. Kumene kuli khonsolo yokambirana za malipiro, dandaulo limatha kutumizidwa ku khonsoloyo. Olandira malipiro opitirira mlingo uja amapita ku bwalo la milandu ya zantchito kapena ku makhoti ena.

Nthawi ndi yofunika kuisamala. Mlandu wa kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo uyenera kutulidwa pasanathe masiku 30. Ngongole ya malipiro kawirikawiri imatha mphamvu pakadutsa zaka zitatu. Choncho wozengereza amataya miyezi yakale umodziumodzi.

Umboni ndiwo umapambanitsa mlandu

Lamulo limalamula wolemba ntchito kupereka pepala la malipiro nthawi iliyonse yolandira, losonyeza maola okhazikika, maola owonjezera ndi ndalama zodulidwa. Limamulamulanso kusunga kaundula wa maola ndi malipiro kwa zaka zitatu. Komabe kumene malipiro amaperekedwa pamanja, mapepalawa nthawi zambiri kulibe, ndipo mlandu umasanduka mawu a wantchito polimbana ndi mawu a bwana.

Pamenepa tinthu tooneka tating'ono timathandiza. Kabuku komwe munthu amalembamo nthawi yofikira ndi yowerukira tsiku lililonse, chithunzi cha ndandanda ya mashifiti yomwe imapachikidwa kukhitchini, mauthenga a pa WhatsApp omwe manejala amatumiza poitana anthu ku ntchito, malisiti a makasitomala okhala ndi dzina la wowatumikira, ndi mapepala a ku banki, zonsezi zimatha kutsimikizira kuti munthu anali pa ntchito tsiku lakutilakuti. Anzake a pantchito athanso kuikira umboni, ngakhale kuti omwe akadali pa ntchitoyo amaopa. Lamulo limaletsa kuzunza kapena kuchotsa munthu chifukwa chofuna zomwe lamulo limamupatsa, koma m'lesitilanti chilango chimabwera mwakachetechete: mashifiti amachepetsedwa, kapena munthu amapatsidwa matebulo a pakona pomwe makasitomala sakhala.

Chinanso chosokoneza ndi dzina la wosumiridwa. Malesitilanti ambiri odziwika amayendetsedwa ndi amalonda omwe adangogula chilolezo chogwiritsa ntchito dzina la kampani yaikulu. Wolemba ntchito weniweni ndi kampani ya wamalondayo, osati dzina lomwe lili pa chikwangwani. Wolakwitsa dzina pa fomu amatha kupambana mlandu koma n'kulephera kutolera ndalama.

Ochokera m'maiko ena

Funso lomwe limavutitsa alendo ambiri ndi lakuti kodi wopanda chilolezo chogwirira ntchito angasume. Bwalo la milandu ya zantchito lidayankha funsoli mu 2008 pa mlandu wa pakati pa kampani ya Discovery Health ndi CCMA, wokhudza nzika ya Argentina yomwe chilolezo chake chidatha. Bwalolo lidagamula kuti munthu wotero ndi wantchito ndithu malinga ndi lamulo, ndipo CCMA ili ndi mphamvu zomva mlandu wake. Chigamulocho chidatsamira pa gawo 23 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limapereka ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito kwa munthu aliyense, osati kwa nzika zokha. Ganizo lake linali lakuti mlendo akalandidwa chitetezo, mabwana osakhulupirika angapeze mpata womugwiritsa ntchito kenako n'kukana kumulipira.

Izi sizikufafaniza lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko la mu 2002, lomwe limaletsa kulemba ntchito mlendo wopanda zikalata ndipo limapereka chilango cha chindapusa kapena ndende kwa bwana wochita zimenezi. Mlendo mwiniwakeyo athanso kumangidwa ndi kubwezedwa kwawo. Apa ndi pamene pali mfundo yovuta. Chipikisheni chomwe chimafufuza malipiro chimabweranso ndi ofufuza ziphaso, ndipo munthu yemwe akanakhala mboni yoyamba ndiye amayamba kuthawira kuseri kwa khitchini. Ambiri amasankha kukhala chete poganiza kuti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Ndale nazo zalowererapo. Mu Januwale 2022 mtsogoleri wa chipani cha EFF, a Julius Malema, adayendera malesitilanti ku Mall of Africa kukafunsa kuchuluka kwa alendo poyerekeza ndi nzika pakati pa antchito. Mkangano wa yemwe ayenera kulembedwa ntchito nthawi zambiri umaphimba funso la ndalama zomwe amene walembedwayo akulandira. Chikhalirecho malipiro a mlendo akatsika, a nzika yogwira naye ntchito amatsikanso, chifukwa bwana amadziwa kuti pakhomo pali wina wokonzeka kulandira zochepa.

Kupambana mlandu si kulandira ndalama

Chigamulo cha CCMA chikatsimikizidwa ndi mkulu wa bungwelo chimakhala ndi mphamvu ngati cha khoti, ndipo sherifu atha kukalanda katundu wa bwana wokana kulipira n'kumugulitsa. Bwana ali ndi masabata asanu ndi limodzi opempha bwalo la zantchito kuti liunikenso chigamulocho. Kuyambira mu 2015, pempho lotere siliimitsa chigamulo pokhapokha bwanayo atapereka chikole.

Komabe malonda a malo odyera ndi osakhazikika. Lesitilanti imatha kutsekedwa mlandu uli mkati, mipando ndi mafiriji n'kupezeka kuti n'zobwereka, ndipo eni ake n'kutsegula ina m'dzina la kampani yatsopano. Bizinesi ikagulitsidwa ikuyendabe, gawo 197 la lamulo la mu 1995 limasamutsira antchito ndi zoyenera zawo kwa mwini watsopano. Koma kampani ikagwa, antchito amaikidwa patsogolo pa gawo lochepa chabe la ngongole yawo, ndipo zotsalazo amadikira limodzi ndi ena onse omwe kampaniyo idawakongola.

Maiko oyandikana nawo ndi akutali

Malamulo a maiko ena m'chigawochi sakusiyana kwenikweni. Ku Malawi, lamulo la zantchito la mu 2000 likuika maola 48 pa sabata, ovataimu ya masiku wamba pa ola limodzi ndi theka, ndipo ya tsiku lopuma kapena la tchuthi imawirikiza kawiri. Madandaulo kawirikawiri amayambira ku ofesi ya zantchito ya pa boma asanapite ku bwalo la Industrial Relations Court. Ku Zambia, lamulo la Employment Code Act la mu 2019 nalonso likuika maola 48 ndi milingo yofananayo. Ku Zimbabwe, malipiro a m'malo odyera amakambidwa ku khonsolo ya olemba ndi olembedwa ntchito ya gawoli, pomwe ku Mozambique kuli bungwe loyanjanitsa la COMAL.

Ku United States zinthu n'zosiyana. Lamulo la dziko lonse limalola bwana kulipira wolandira matipi $2.13 yokha pa ola, mlingo womwe sudasinthe chiyambire 1991, malinga ngati matipiwo akufikitsa munthuyo pa $7.25. Antchito kumeneko amakonda kusuma m'magulu. Mu 2012 wophika wotchuka Mario Batali ndi mnzake Joseph Bastianich adavomera kupereka $5.25 miliyoni pothetsa mlandu womwe antchito a m'malesitilanti awo ku New York adasuma ponena kuti ankadulidwa matipi. Ku Britain, lamulo lomwe lidayamba pa 1 Okutobala 2024 limakakamiza mabwana kupereka matipi onse kwa antchito popanda kudulapo.

Poyerekeza ndi maiko amenewa, malamulo a South Africa pa pepala ndi olimba: tipi siyiwerengedwa ngati malipiro, kusuma n'kwaulere, ndipo mlendo sakanidwa pakhomo la CCMA. Chomwe chimasowa ndi oyendera okwanira, mabungwe a antchito ofika m'makhitchini momwe anthu amalowa ndi kutuluka miyezi ingapo iliyonse, komanso chitsimikizo choti wodandaula sabwera mawa n'kupeza dzina lake litafufutidwa pa ndandanda ya mashifiti. Pofika tsiku lomwe zimenezi zidzakonzedwe, chida chachikulu chomwe wotsuka mbale ali nacho ndi kabuku ka m'thumba komwe amalembamo maola ake.